Buku loyenda malonda ndi buku lokhalitsa: kusiyana kwake kuli pati?

Mwa anthu onse obadwira m'dziko lino la Zambia, amene mabuku ake a nthano anagulidwa kwambiri ndi Wilbur Smith. Anabadwa mu 1933, dziko lino likutchedwa Northern Rhodesia, ndipo pomwalira mu 2021 mabuku ake anali atagulidwa oposa 100 miliyoni padziko lonse. Mpaka lero mumawapeza pa milu ya mabuku a salaula imene anyamata amayala pansi m'tauni, zikuto zitapindika, masamba atafiira. Koma mukakwera basi ya mu Great East Road n'kutsikira pa yunivesite ya UNZA, mukafunse ophunzitsa zolembalemba kuti olemba nthano zazitali a ku Zambia oyenera kuwerengedwa ndi ati. Mudzamva maina a Dominic Mulaisho, Binwell Sinyangwe, Ellen Banda-Aaku ndi Namwali Serpell. Onsewa ngakhale muwaphatikize pamodzi, malonda awo safika ndi m'mawondo momwe mwa Smith.

Ena amati kumeneku n'kudzikweza chabe kwa anthu a masukulu, amene amanyoza chilichonse chimene anthu wamba achikonda. Mawu amenewa ali ndi kachoonadi kake, ndipo tikapeza kutsogoloku. Koma nkhani siithera pamenepo. Pali china chimene buku la nthano limatha kukhala nacho kapena kusowa, chomwe wogulitsa sangachione m'kaundula wake wa malonda.

Tiyambe n'kulipatsa ulemu buku loyenda malonda, chifukwa kulilemba si masewera. Amene anakula m'zaka za m'ma 1980 akukumbukira timabuku ta Pacesetters timene kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977, ndi mabuku a James Hadley Chase, ndi a Mills & Boon amene atsikana ankapatsirana pansi pa madesiki. Buku lotere limachita pangano ndi wowerenga patsamba loyamba: udzadziwa amene anapha, kapena awiriwa adzakwatirana ngakhale zivute bwanji. Ndipo pangano lakelo limasunga. Mutu uliwonse umathera pamene mtima uli m'mwamba, kuti munthu alephere kuzimitsa kandulo. Ameneyo ndi mmisiri, ndipo ambiri amene lero amaphunzitsa m'makoleji anaphunzira kukonda kuwerenga m'manja mwake. Kungoti mphamvu yonse ya buku lotere yagona pa funso limodzi lakuti, kenako chinachitika n'chiyani? Funsolo likayankhidwa, ntchito yatha. N'chifukwa chake mnzanu akakuululirani mathero mumamukwiyira zenizeni, poti wakupherani buku lonse.

Kuno ku Lusaka chiwerengero cha malonda chimanama mwanjira inanso. Mtengo wa buku la nthano latsopano m'sitolo za ku Manda Hill kapena ku Arcades umapikisana ndi thumba la ufa, ndipo pa mpikisano umenewo wopambana amadziwika kale. Zimene zimatuluka mofulumira m'sitolo ndi mabuku a sukulu, a mapemphero ndi ophunzitsa kulemera. Nthano yaitali imagulidwa mwaunyinji makamaka ikalowa m'silabasi, a Examinations Council of Zambia akayamba kufunsa mafunso pa iyo. Pamenepo kholo limagula chifukwa cha mayeso, osati chifukwa chakuti mwana waikonda. Kumbali inayi, buku lokondedwa kwambiri likhoza kugulidwa kamodzi kokha n'kuzungulira komboni yonse mpaka chikuto kuthothoka, kapena kuyenda pa WhatsApp mlembi osaonapo ngwee. Choncho tikanena kuti buku lakuti layenda malonda, nthawi zambiri tikunena za komiti imene inalisankha, osati za mitima ya owerenga.

Palinso bodza lina limene olemba amene mabuku awo sagulidwa amakonda kudzitonthoza nalo, lakuti buku labwino siligulidwa. Charles Dickens ankagulitsa nthano zake m'zigawo za mwezi ndi mwezi, ndipo ankayang'anitsitsa mmene zikuyendera pamsika. Fyodor Dostoevsky, atamira m'ngongole, anamaliza The Gambler m'masiku 26 okha mu 1866 pothawa pangano limene likanamulanda mabuku ake. Things Fall Apart la Chinua Achebe linatuluka mu 1958 ndi makope 2,000 okha, koma lero lagulidwa oposa 20 miliyoni ndipo lamasuliridwa m'ziyankhulo zoposa 50. Kusagulidwa nakonso sikutsimikiza kanthu. Moby-Dick la Herman Melville, la mu 1851, linagulidwa makope ongopitirira 3,000 mwini wake ali moyo, iye n'kukathera zaka 19 akugwira ntchito ya kasitomu padoko la New York. Anthu amakonda nkhani imeneyi, koma amaiwala kuti pa Melville mmodzi panali mazana a olemba ena amene sanagulitse chifukwa mabuku awo anali osakoma basi.

Ndiye muyeso tiupeza kuti? Umene ine ndaupeza wothandiza ndi uwu. Tengani buku limene mwawerenga, mumfotokozere mnzanu nkhani yonse mwachidule, kuyambira pachiyambi mpaka pamathero. Kenako dzifunseni kuti, chatayika n'chiyani? Ngati mnzanuyo walandira pafupifupi zonse, ndipo palibenso chifukwa choti akaliwerengere yekha, bukulo linali nkhani chabe. Ngati mwapezeka mukuvutika, mukungoti ayi, sizikumveka mmene ndikunenera inemu, ukawerenge wekha, chimene chikukanika kunyamulikacho ndiye kulemera kwa bukulo. Kumva kuti kuukwati kunaphikidwa mpunga ndi nkhuku sikukhutitsa munthu amene sanapiteko.

Akuluakulu a m'dziko lino amene ankamvera wailesi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 sangavutike kumvetsa zimenezi, chifukwa anamva a Julius Chongo pa pulogalamu ya Poceza m'Madzulo. A Chongo ankatchuka ndi nthano za pa wailesi, osati nthano zazitali za m'buku, koma luso lawo likuonetsa bwino chimene tikunenachi. Nkhani zawo zambiri mukazifupikitsa zimatsala zazing'ono, zina zodziwika kale. Chimene chinkasonkhanitsa anthu kuzungulira wailesi chinali kanenedwe: mvekero, kusinthasintha mawu kuti nkhalamba imveke ukalamba ndipo wa m'tauni amveke utauni, ndi kupatuka pang'ono kukaseka chinthu asanabwerere ku nkhani. Ernst Wendland, amene ankaphunzitsa pa seminale ya Lutheran kuno ku Lusaka, anaziona kuti n'zofunika mpaka anazilemba papepala n'kuchitapo kafukufuku wa digiri yake ya udokotala. Wolemba nthano yaitali alibe pakamwa ngati a Chongo, ali ndi chiganizo chokha. Akhoza kulemba kuti, Mayi anakwiya. Akhozanso kulemba kuti, Mayi anangoti duu, n'kuyamba kutsuka mbale zotsukatsuka kale. Pofupikitsa nkhani ziganizo ziwirizi ndi chimodzi. Powerenga, choyamba chakuuzani, chachiwiri chakulowetsani m'khitchini ndipo mwayamba kuyenda monyang'ama.

Koma chiyankhulo chokoma pachokha sichikwanira. Alipo olemba amene amathira mwambi m'ndime iliyonse ngati akuopa kuti tiwaiwala kuti ndi a kumudzi, ndipo tsamba limalemera popanda chonyamula. Kanenedwe kamakhala ndi phindu kakamagwira ntchito ya nkhaniyo. Apa Things Fall Apart ndi chitsanzo chimene ambiri tingagwirizanepo, poti ambiri tinaliwerenga kusukulu. Kumbukirani mnyamata Ikemefuna, amene anakhala m'nyumba ya Okonkwo, mpangankhani wamkulu wa bukulo, zaka zitatu mpaka kumamutchula kuti bambo. Mudzi utagamula kuti aphedwe, mkulu wina, Ezeudu, anachenjeza Okonkwo kuti asaikepo dzanja. Okonkwo anapita nawobe, ndipo mwanayo atathamangira kwa iye kuti amupulumutse, anamutema yekha poopa kuoneka wofooka. Mwachidule tinganene kuti Okonkwo anali munthu wankhanza. Koma Achebe anali atatenga kale mitu ingapo kutionetsa bambo ake a Okonkwo, Unoka, munthu wa ngongole ndi chitoliro amene mudzi unkamuseka, ndi manyazi amene mwanayo anakula nawo. Chikwanje chikamatsika, wowerenga sangathe kumukhululukira, komanso sangathe kungomutaya ngati chilombo. Amatsala ndi zonse ziwiri m'chifuwa, ndipo palibe tsamba lina kutsogolo limene limabwera kudzamupeputsa.

Mathero a bukulo ndi ochenjera koposa. Okonkwo atadzimangirira, Achebe amatichotsa mwadzidzidzi pakati pa anthu a ku Umuofia n'kutilowetsa m'mutu mwa bwanamkubwa wachizungu wa m'bomalo, amene akuganiza zolemba buku lake lonena za kugonjetsa mitundu ya kumeneko. Iye akuona kuti nkhani ya munthu wodzimangirirayu ingakwane mutu umodzi, kenako akuti ayi, mwina ndime imodzi yokha. Moyo umene ife tayenda nawo masamba onse aja ukupanikizidwa m'ndime. Palibe pamene Achebe akuima n'kulalikira kuti atsamunda ankapeputsa anthu. Wangosuntha maso a wofotokoza, ndipo mkwiyo umabadwa wokha mwa wowerenga. Amene anawerenga bukulo kachiwiri amadziwa kuti kudziwiratu mathero sikulichepetsa. Kumalikulitsa, chifukwa tsopano chikondwerero chilichonse cha m'mitu yoyambirira mumachiona mukudziwa chimene chikubwera.

Apa ndi pamene ampangankhani a m'buku lokhalitsa amasiyana ndi a m'buku longosangalatsa. M'buku longosangalatsa wabwino ndi woipa amadziwika msanga, ndipo aliyense amagwira ntchito imene anamulembera: wapolisi wolimba mtima, mkazi wonyenga, mlamu wadyera. M'buku lokhalitsa munthu amachita chinthu chimene simunachiyembekeze, koma akachichita mumavomera kuti eya, munthu ameneyu ndi mmene akanachitira. Kudabwitsa kokha n'kosavuta, aliyense angathe kugwetsa ndege pamutu wa 20. Chovuta n'kudabwitsa ndi chinthu chimene chinalipo kale pamaso pathu.

Tibwere kwathu kuno. A Cowrie of Hope la a Binwell Sinyangwe, limene linatuluka mu 2000 mu mndandanda wa African Writers Series wa kampani ya Heinemann, mukhoza kulifupikitsa m'chiganizo chimodzi: mayi wamasiye wa kumpoto kwa dziko lino, Nasula, abwera ku Lusaka kudzagulitsa thumba la nyemba kuti alipirire mwana wake wamkazi sukulu, ndipo tambwali wina amubera. Nkhani zotere timazimva m'minibasi tsiku lililonse, n'kungoti pepani, basi. Chimene a Sinyangwe anachita n'kutichedwetsa. Anatipangitsa kukhala ndi thumbalo nthawi yaitali mpaka tidziwe kuti muli thukuta la chaka chonse, muli chipongwe cha achibale a mwamuna amene anamulanda chuma, muli zaka za m'ma 1990 pamene makampani a boma ankagulitsidwa ndipo ndalama inasowa m'midzi. Pofika pamene thumbalo likubedwa, sitikuonanso nyemba. Kwa ine mathero ake ndi ofewa kuposa mmene Lusaka alili, ndipo penapake mlembi amafotokoza zimene tamva kale. Buku likhoza kukhala ndi zilema zotere n'kukhalabe lolemera. Amene analiwerenga bwino sadutsanso pa Soweto Market mofanana ndi kale akaona amayi a kumudzi atakhalira matumba awo, maso ali uku ndi uku.

Kamangidwe ka buku nako kamanena zinthu zimene nkhani payokha singanene. The Old Drift la a Namwali Serpell, amene anabadwira mu Lusaka mu 1980, linatuluka mu 2019 ndipo limatsata mabanja atatu kwa zaka zoposa 100, kuchokera ku mtsinje wa Zambezi, kudzera pa damu la Kariba ndi m'komboni ya Kalingalinga, mpaka kulowa m'tsogolo longopeka. Mulinso a Edward Mukuka Nkoloso, amene mu 1964 ankaphunzitsa achinyamata kuti apite kumwezi. Pakati pa mitu ya bukulo pamalankhula gulu la udzudzu. Wina angati ndi matama chabe a munthu wophunzira. Ine ndimaona kuti udzudzu ndi mboni yokhayo imene inalowa m'nyumba zonse, ya mzungu, ya mmwenye ndi ya munthu wakuda, n'kusakaniza magazi awo osapempha chilolezo, ndipo buku lonena za mmene dziko lino linasakanikirana silikanapeza wofotokoza woyenera kuposa ameneyo. Mukamufotokozera mnzanu nkhaniyo, udzudzuwo ndi umene mumayamba kusiya, pamene ndi umene wagwira denga.

Apa pafunika chenjezo. Kuvuta kwa buku si umboni wa kulemera kwake. Alipo mabuku ovuta chifukwa chinthu chimene akunena n'chovuta, ndipo alipo ovuta chifukwa mlembi sanadziwe chimene ankafuna kunena. Wowerenga asamachite manyazi kusiya buku la mtundu wachiwiriwu, ngakhale pachikuto pake atamatapo mendulo.

Tsopano tifike pa msampha umene ife olankhula Chinyanja timakodwamo kwambiri. Tonse tinakula ndi funso la m'kalasi lakuti, kodi nkhaniyi ikutiphunzitsa chiyani? Funsoli lili ndi mbiri yake. Mabuku oyamba a nthano m'chiyankhulo chathu anatuluka m'manja mwa amishoni. Nthondo la a Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma ku Malawi, linatuluka mu 1933 litapambana mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo mu 1934 Thomas Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Mu 1948 boma la atsamunda linakhazikitsa Northern Rhodesia and Nyasaland Joint Publications Bureau, likulu lake kuno ku Lusaka, kuti lizisankha ndi kuthandiza kusindikiza mabuku a m'ziyankhulo za maiko awiriwa. Titalandira ufulu ntchitoyo inapitirira kudzera ku Kenneth Kaunda Foundation ndi kampani yake ya NECZAM, imene pambuyo pake inasanduka Zambia Educational Publishing House. Mayina asintha, koma wogula wamkulu wakhala mmodzi kuyambira kale: sukulu. Ndipo sukulu imafuna buku loti mphunzitsi angaime nalo kutsogolo popanda kuchita manyazi.

Zotsatira zake tonse tikuzidziwa. Mnyamata achoka kumudzi, apita kutauni kapena kumigodi, alowerera ndi mowa ndi akazi, abwerera ali wodwala kapena wolapa. Mtsikana wachimasomaso amathera kumanda. Mlembi amadziwa chigamulo asanalembe tsamba loyamba, ndipo anthu a m'bukumo amangoyenda kukakwaniritsa chigamulocho. Buku lotere, ngakhale silinalembedwe kuti lipange ndalama, lili ndi matenda ofanana ndi a buku la malonda: mukalifupikitsa palibe chotayika. Phunziro lake limakwana m'chiganizo chimodzi, ndipo ana a sukulu, amene si opusa, amaloweza chiganizocho n'kulisiya bukulo. Chodabwitsa n'chakuti olemba aluso a nthawi imeneyo amapumira m'malo amene phunziro lawataya pang'ono. Mu Nthondo, mwachitsanzo, moyo uli m'masamba ofotokoza kubadwa kwa mwana, miyambo ya pamudzi ndi kupulupudza kwa mnyamatayo. Kutembenuka mtima kwake, kumene amishoni ankakufuna, n'kumene ine ndimakuiwala msanga.

Sindikunena kuti buku lolemera lilibe chotiphunzitsa. Limaphunzitsa kwambiri, koma monga mmene maliro a mnansi amaphunzitsira, munthu n'kubwerako wasintha koma osatha kunena m'mawu awiri kuti waphunzira chiyani. The Mourning Bird la a Mubanga Kalimamukwento, la mu 2019, limatsata mtsikana amene makolo ake amwalira mpaka iye kukathera m'misewu ya Lusaka. Mutu ngati umenewu ndi wosavuta kuusandutsa chikalata cha bungwe lothandiza ana. Funso loyenera kulifunsa buku lililonse lokhudza Edzi, umasiye kapena katangale si lakuti mutu wake ndi wofunika kapena ayi, poti mitu yonseyi ndi yofunika. Funso ndi lakuti mwanayo ndi munthu, wokhala ndi nthabwala zake, nsanje yake ndi mabodza ake, kapena wangoimikidwa kuti atiliritse.

Tibwerere kwa aja amati zonsezi n'kudzikweza kwa anthu ophunzira. Pamene akunena zoona ndi apa: mbiri ya buku siimera yokha ngati bowa, pamakhala manja amene amaikweza. The Great Gatsby la F. Scott Fitzgerald linatuluka mu 1925 n'kuyenda mwapakatikati, ndipo pomwalira mlembi mu 1940 makope ena anali akadali m'nyumba yosungira katundu. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse makope pafupifupi 155,000 anagawidwa ulele kwa asilikali a America, kenako bukulo linalowa m'masukulu, ndipo lero amalitchula pakati pa mabuku aakulu a dziko lawo. Nkhani ya m'bukulo sinasinthe. Chinasintha ndi amene analinyamula. Chigamulo chingathenso kutembenuka. Heart of Darkness la Joseph Conrad linkaphunzitsidwa ngati buku lopanda banga mpaka mu 1975, pamene Achebe anaima pa yunivesite ya Massachusetts n'kunena poyera kuti mlembi wake anali watsankho, poti anthu a mu Africa m'bukumo ali ngati mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje, opanda mawu awoawo. Mkangano umenewo sunathe mpaka lero, ndipo wakakamiza ophunzitsa kuvomera kuti ziganizo zokoma zikhoza kunyamula khungu la mumtima.

Mphotho nazo ndi msika, kungoti wovala jekete. Caine Prize, imene inayamba mu 2000 ndipo wopambana amalandira mapaundi 10,000, yatsegulira zitseko olemba ambiri a mu Africa, koma imaperekedwa ku Britain ndipo imalandira nkhani za m'Chingerezi. Mlembi wa ku Chawama kapena ku Matero amene akufuna kuti amveke ku London amayamba, mwina osadziwa n'komwe, kulembera maso a kumeneko: kufotokoza nsima ngati kuti owerenga sanaionepo, ndi kuunjika umphawi pamene akudziwa kuti umagulidwa. Binyavanga Wainaina wa ku Kenya anaseka khalidwe limeneli mu 2005 m'nkhani yake yotchuka ya m'magazini ya Granta. A Serpell atapambana mphothoyo mu 2015 anagawana ndalamazo ndi anzawo anayi amene anafika nawo kumapeto, ponena kuti kulemba si mpikisano. Ndipo Abdulrazak Gurnah, wobadwira ku Zanzibar, atalandira mphotho ya Nobel mu 2021, ogulitsa mabuku m'maiko ambiri anapezeka alibe mabuku ake m'mashelefu. Anali atalemba bwino kwa zaka zoposa 30 dziko lisanatembenuke kumuyang'ana. Kwathu kuno tili ndi Ngoma Awards a National Arts Council ndi Kalemba Short Story Prize, ndipo n'zabwino kuti zilipo, koma oweruza ake nawonso ndi anthu ochepa okhala m'chipinda, okhala ndi zokonda zawo.

Kuvomera zonsezi sikutanthauza kuti chilichonse n'chimodzimodzi, kapena kuti kukoma kwa buku n'kwa aliyense payekha basi. Manja akhoza kukweza buku, koma sangalisunge m'mwamba kwa mibadwo itatu ngati mulibe kanthu. Mabuku ambiri amene analandira mphotho zaka 50 zapitazo lero palibe amawatsegula, ndipo ena amene analowa m'silabasi anafa tsiku limene anatulukamo. Amene amatsala ndi aja amene mbadwo wina unawatsegula n'kupezamo zimene oyamba sanazione. Owerenga a mu 1958 ankaona mu Things Fall Apart mlandu wa atsamunda. Owerenga ambiri a lero, makamaka amayi, amaonamonso akazi a Okonkwo, ndi Ekwefi, mmodzi mwa iwo, amene anaika ana asanu ndi anayi m'manda, ndi mantha a mwamuna amene sadziwa njira ina yokondera koma kulamula. Zonsezo zinalimo kale.

Pa chifukwa chimenechi anthu amakonda kunena kuti nthawi ndiye woweruza wachilungamo. Ine ndimavomera ndi mtima theka, chifukwa nthawi imaweruza mabuku okhawo amene akupezeka. Melville anadzukanso m'zaka za m'ma 1920 chifukwa makope ake anali m'malaibulale ndipo panali osindikiza okonzeka kuwatulutsanso. Nanga mabuku a Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi amene anatuluka m'nthawi ya Publications Bureau ndi NECZAM? Ambiri anasindikizidwira sukulu, ndipo atachoka m'silabasi sanabwerenso pamsika. Ngakhale The Tongue of the Dumb la a Mulaisho, la mu 1971, limene linatuluka ku Heinemann ndipo mlembi wake anadzakhala mkulu wa Bank of Zambia, si buku loti mungalowe m'sitolo iliyonse n'kulipeza. Lamulo limafuna kuti chosindikizidwa chilichonse m'dziko lino chikasiyidwe ku National Archives ku Ridgeway, ndipo laibulale ya pa UNZA imasunga ena m'chipinda chake cha mabuku osowa. Kumeneko amapitako ndi ofufuza okhala ndi kalata, osati mtsikana wa ku Kanyama wofuna chowerenga Loweruka masana.

Choncho wina akakuuzani kuti m'Chinyanja mulibe nthano yaitali yolemera ngati za Chingerezi, mufunseni kuti wawerenga zingati, ndipo anazipeza kuti. Ngugi wa Thiong'o analemba buku lake loyamba la nthano yaitali m'Chikikuyu ali m'ndende ya Kamiti mu 1978, pa mapepala a kuchimbudzi, ndipo litatuluka anthu ankaliwerengerana mokweza m'mabanja, m'mabasi ndi m'malo omwera mowa, osadziwa kuwerenga nawo n'kumatsutsa ndi kuseka. Bukulo linayesedwa ndi eni chiyankhulo, m'makutu mwawo. Mabuku athu ambiri mwayi umenewo sanaupezepo. Anawerengedwa ndi ana a zaka 15 okonzekera mayeso, ndi mphunzitsi wofuna mayankho asanu olondola, kenako anatsekeredwa m'kabati. Osindikiza a ku Lusaka atasankha khumi okha mwa iwo n'kuwatulutsanso pamtengo woti munthu wa pa kantemba angakwanitse, opanda mafunso a mayeso kumapeto kwa mutu uliwonse, ena adzapezeka kuti analidi maulaliki ovala nkhani, ndipo tidzawasiya popanda chisoni. Za otsalawo tidzayamba kukangana, ndipo mkangano umenewo wachedwa ndi zaka zoposa 40.